Phunziro la shaki kwa ana a pulayimale: tiyambire pa mano kapena tiwabise?

Mphunzitsi Watsopano
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa akuluakulu. Ndili ndi ana a zaka 7 mpaka 9, ndipo pa mutu wa zamoyo za m'madzi ndinawauza kuti asankhe nyama imodzi yoti tiiphunzire mozama. Pafupifupi kalasi yonse inakuwa kuti shaki. Nditawafunsa zimene akudziwa kale, mayankho anali atatu okha: amadya anthu, ali ndi mano ambirimbiri, amamva fungo la magazi ali kutali. Mtsikana wina mpaka anati iye sadzalowanso m'madzi. Ndiye phunziro lotere mumaliyamba bwanji? Nkhani ya mano ndi yoluma anthu ndiidumphe, kapena ndiikambe? Sindikufuna makolo adzandifunse chimene mwana akubwebwetera usiku.

Mayi wa Mapasa
Madamu, ine monga kholo ndingati dumphani. Mmodzi wa mapasa angawa anaonera kanema wa shaki pa foni ya mkulu wake, ndipo kwa kanthawi ndithu ankakana kulowa m'bafa madzi akachuluka. Ana a msinkhu umenewo sasiyanitsa nyanja yamchere ndi beseni. Aonetseni zithunzi zokongola, ajambule, apake utoto, basi.

Ticha Wopuma
Amayi, pepani nditsutsana nanu pang'ono. Anawa asankha shaki chifukwa cha mano omwewo. Mukawabisa, mwana amadziwa kuti aphunzitsi akuzemba, ndipo chimene wamkulu akuzemba mwana amachiyesa choopsa koposa zonse.

Ine ndikanayambira pa mano penipeni, koma osati dzino limodzi la pa kanema lija. Jambulani pa bolodi mano a mitundu itatu. La great white ndi lotambalala, la makona atatu, m'mphepete mwake muli timano ngati ta sowo, ndipo ntchito yake ndi kudula nyama zikuluzikulu monga ma seal, nyama zoyamwitsa za m'nyanja. La mako ndi lalitali, lowonda, losongoka, logwirira nsomba zoterera. La Port Jackson shark wa ku Australia, lija la mkati mwa kamwa, ndi lophwatalala, lophwanyira nkhono ndi nkhanu. Kenako funsani kuti mwini dzino ili amadya chiyani. Musawauze yankho. Akangoyamba kukangana, muona kuti za mantha aiwala, chifukwa aliyense akufuna kuti yankho lake ndilo likhale lolondola.

Chinanso, pa msinkhu umenewo ambiri mano awo akuguluka. Afunseni kuti munthu amamera mano kangati. Kawiri basi. Mano a shaki sanazikike m'fupa la chibwano ngati athu. Ali m'mizere, wakutsogolo ndi ina yodikirira kumbuyo. Limodzi likagwa, lakumbuyo limasendera kutsogolo, ndipo zimatero moyo wake wonse. Mitundu ina imataya mano oposa 20,000. Mwana wa gwelu amamvetsa nkhaniyi kuposa ife.

Mphunzitsi Watsopano
Zikomo agogo. Koma akandifunsa molunjika kuti "madamu, amadya anthu eti?" ndiyankhe chiyani?

Wa Sayansi
Achemwali, yankhani zoona, chifukwa zoonazo n'zimene zimatonthoza. Pali mitundu ya shaki yoposa 500. Yambiri ndi ing'onoing'ono ndipo ilibe nawo ntchito anthu. Pa ngozi zazikulu zoluma anthu, mitundu imene imatchulidwa kawirikawiri ndi itatu: great white, tiger shark ndi bull shark. Ku Florida Museum of Natural History amasunga kaundula wa ngozi zoterezi wa dziko lonse, wotchedwa International Shark Attack File. Mwa anthu amene alumidwa popanda iwo kumuputa shakiyo, chiwerengero chimakhala pafupifupi 70 pachaka padziko lonse, ndipo omwalira pa zaka zambiri sapitirira 10. Udzudzu, kudzera mu malungo okha, umapha anthu pafupifupi 600,000 pachaka.

Ambiri olumidwa amapulumuka chifukwa shaki nthawi zambiri amaluma kamodzi n'kuchoka. Alibe manja, ndiye chinthu chachilendo amachifufuza ndi kamwa. Vuto ndi loti kamwalo ndi loopsa.

Za fungo lija, ana akunena zoona pang'ono. Shaki amamvadi fungo bwino kwambiri, koma fungo liyenera kutengedwa ndi madzi mpaka lifike pamphuno pake, ndipo zimatenga nthawi. Sikuti dontho la magazi likangogwa uku, iye wamva kale ali makilomita angapo uko. Mphuno zake n'zonunkhizira basi, sapumira. Amakhotera mbali ya mphuno imene yayamba kulandira fungolo.

Mayi wa Mapasa
Achimwene, manambala amenewo amatonthoza inu akuluakulu. Mwana wa zaka 7 mukamuuza kuti omwalira ndi 10 okha, iye amamva zoti anthu amafadi. Amadziika yekha pakati pa 10 amenewo.

Wosambiritsa Ana
Apa amayi anena zoona. Ine ndimaphunzitsa ana kusambira, ndipo mwana wamantha safuna chiwerengero, amafuna kudziwa ngati chinthucho chili pano pamene iye ali. Ndiye ndimamuyankha za malowo. M'bafa mulibe, m'dziwe losambirira mulibe. Ukadzapita kunyanja yamchere, uzidzasambira pamene akuluakulu akuona, pamalo ololedwa, osati mbandakucha kapena chisisira, osati pamene asodzi akutumbula nsomba. Akakhala ndi chochita, mtima umakhala m'malo.

Ndipo pepani ndiwonjezere chimene chimandisowetsa tulo ine. Choopsa chenicheni kwa mwana m'madzi ndi kumira. Bungwe la WHO limanena kuti anthu oposa 200,000 amafa ndi madzi chaka chilichonse, ndipo ana aang'ono ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu. Madamu, ngati phunziro la shaki lingakupatseni mphindi 5 zokambira zimenezi, musazitaye.

Bambo wa Awiri
Ingowauzani kuti shaki amakhala m'madzi amchere okha, nkhani yatha.

Wa Sayansi
Abambo, ikanakhala yophweka choncho bwenzi zili bwino kkkk. Bull shark amalowa m'mitsinje. Kum'mwera kwa Africa amamutcha Zambezi shark chifukwa chomwecho. Anapezekapo mumtsinje wa Amazon mpaka ku Peru, mu Mississippi, komanso m'nyanja ya Nicaragua, imene amafikamo kudzera mumtsinje wa San Juan. Thupi lake limatha kusunga mchere wokwanira ngakhale ali m'madzi opanda mchere. Koma chofunika n'chakuti payenera kukhala njira yotseguka yochokera kunyanja yamchere. Mathithi kapena damu zikatchinga, sadutsa.

Mayi wa Mapasa
Koma abale! Imeneyo madamu musawauze chonde.

Ticha Wopuma
Asaiyambe okha, ndikuvomera. Koma mwana akafunsa, asanamizidwe. M'kalasi iliyonse mumakhala kamnyamata kamodzi kamene kanaonera kale zimenezi kunyumba, ndipo kakagwira aphunzitsi bodza limodzi, zonse zotsatira anzake sazikhulupiriranso, ngakhale zija zowatonthoza.

Tsopano madamu, tulukani nawo panja. Tengani chingwe ndi tepi yoyezera. Yezani masentimita 20, dulani. Ameneyo ndi dwarf lanternshark, mmodzi mwa ang'ono kwambiri, wa m'madzi akuya kufupi ndi Colombia ndi Venezuela, ndipo mimba yake imawala mumdima. Mwana amunyamule padzanja. Yezani mamita 6, ameneyo ndi great white wamkulu kwambiri, ambiri safika pamenepo. Kenako yezani mamita 12. Ameneyo ndi whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko, ndipo ena amapitirira pamenepo. Ana agone pansi motsatira chingwecho, mutu kumapazi kwa mnzake, awerenge okha kuti akwana angati. Amakwana 9 kapena 10. Akadzuka muwafunse kuti chimphona chimenechi chimadya chiyani. Onse adzati anthu, mabwato, anangumi. Ndiye muwaonetse kadontho ka choko padzanja lanu, n'kuwauza kuti chimasefa madzi n'kumadya tizamoyo tating'ono chonchi ndi tinsomba. Kukuwa kumene kumatsatira apo n'kumene ndinkakonda pa ntchito yonseyi.

Madamu a Kalasi Yachiwiri
Agogo, ya chingweyi ndaitenga. Ine ndimawonjezera madontho. Whale shark ali ndi madontho oyera pamsana, ndipo aliyense madontho ake ndi osiyana ndi a mnzake, mwakuti ofufuza amawazindikira mmodzimmodzi pogwiritsa ntchito zithunzi. Mwana aliyense ndimamupatsa pepala lodula mofanana, aikepo madontho ake, kenako timasakaniza mapepala onse ndipo aliyense apeze lake. Ndi masewera, koma aphunzira mmene asayansi amawerengera nyama zimene sangazimange chingwe.

Mphunzitsi Watsopano
Zikundithandiza kwambiri izi. Nanga za thupi lake ndiphunzitse ziti? Ndikuopa kuwadzaza mawu ovuta.

Wa Sayansi
Sankhani zimene mwana angazigwire ndi dzanja. Choyamba, aliyense apinde khutu lake, agwedeze nsonga ya mphuno, kenako agogode chipumi. Shaki alibe mafupa olimba ngati a chipumi, thupi lake lonse lamangidwa pa zofewa zija za m'khutu, zimene n'zopepuka komanso zopindika. N'chifukwa chake zotsalira za ashaki akalekale zimene zimapezeka kwambiri ndi mano, zina zonse zimaola.

Chachiwiri, khungu. Lili ndi timamba tolimba tooneka ngati timano, tonse toloza kumchira. Ukasisita kuchokera kumutu n'losalala, ukabwerera limakanda ngati sandipepa. Bwerani ndi sandipepa agwire.

Chachitatu ndi chimene ana amachikonda kwambiri. Pamphuno pa shaki pali timabowo tambirimbiri todzaza ndi zinthu zonanda, timene timamva mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri yotuluka m'thupi la nyama iliyonse yamoyo minofu ikamagwira ntchito. Timatchedwa ampullae of Lorenzini, potengera Stefano Lorenzini wa ku Italy amene anatifotokoza mu 1678. Ndiye nsomba ikabisala mumchenga, shaki amaipezabe osaiona. Hammerhead, uja wa mutu wopingasa, amayendetsa mutu wake pamwamba pa mchenga uku ndi uku kufufuza ma stingray, nsomba zophwatalala zobisala mumchengamo. M'kalasi, kwirirani timawasha tachitsulo m'thireyi ya mchenga, mwana atifufuze ndi maginito. Ingowauzani kuti maginitoyo ndi chifanizo chabe, shaki alibe maginito pamphuno.

Dzina la Lorenzini musaliike pa mayeso. Koma litchuleni, ana amanyadira mawu aatali.

Madamu a Kalasi Yachiwiri
Palinso ya mafuta ija. Mabotolo awiri apulasitiki ofanana, lina mudzaze madzi, lina mafuta ophikira, muike m'ndowa ya madzi. La mafuta limayandama. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba kothandiza kuti zisamire, koma shaki alibe. Iye ali ndi chiwindi chachikulu chodzaza mafuta.

Ticha Wopuma
Yesani kaye nokha kunyumba musanaonetse ana. Botolo lapulasitiki lodzaza madzi nthawi zina silimira, limangolendewera, makamaka mukasiyamo mpweya pang'ono. Ponyanimo timiyala tolemera mofanana m'mabotolo onse awiri, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka la madzi limire la mafuta likadali pamwamba.

Wa Sayansi
Ndipo pomaliza pake musanene kuti shaki amayandama ngati botololo. Chiwindi chimangomupeputsa. Ambiri amakhalabe olemera pang'ono kuposa madzi, ndiye akasiya kusambira amatsika pansi pang'onopang'ono. Zipsepse zam'mbali zija zimamunyamula akamapita kutsogolo, mofanana ndi mapiko a ndege.

Bambo wa Awiri
Ndiye n'zoona zija amati shaki akaima amafa?

Wa Sayansi
Kwa ena n'zoona, kwa ena ayi. Onse amapuma madzi akamadutsa m'timipata ta m'mbali mwa mutu, timene timakhala 5 mbali iliyonse pa mitundu yambiri, ina 6 kapena 7. Great white ndi mako ayenera kumayendabe kuti madzi azilowa pakamwa n'kutulukira m'timipatamo. Koma nurse shark amagona phee pansi n'kumapopa madzi ndi kamwa. Aliponso epaulette shark wa ku Australia ndi New Guinea, amene amayenda ndi zipsepse pamiyala madzi akaphwa. Mukapeza kanema wa ameneyu aonetseni, palibe mwana angamuope.

Wokonda Nyanja
Ndawerenga zonsezi koma palibe amene wanena chachikulu. Amene ali pangozi ndi shaki, osati ife. Kafukufuku wina wa mu 2013 anayerekezera kuti anthu amapha ashaki pafupifupi 100 miliyoni pachaka. Mu 2021 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linapeza kuti pa mitundu itatu iliyonse ya ashaki ndi abale awo ma ray, nsomba zophwatalala zija, umodzi uli pa chiopsezo chotheratu. Ena amakodwa m'maukonde ndi mbedza zotchera nsomba zina, ena amaphedwa chifukwa cha nyama, mafuta a chiwindi ndi zipsepse zopangira supu. Pali asodzi amene amadula zipsepse n'kumuponyanso m'madzi ali moyo. Ana aone zithunzi zimenezo, adziwe zoona.

Mayi wa Mapasa
Ayi ayi achimwene. Tikuchotsa maloto oopsa a mtundu wina kuti tiikemo ena? Mwana wanga akaona chithunzi cha nyama yodulidwa ikumira, mudzabwera ndinu kudzamugoneka?

Madamu a Kalasi Yachiwiri
Ine zithunzi zimenezo sindingaonetse ana osakwana zaka 10, ndipo ngakhale aakuluwo ndingayambe ndafunsa ahedi. Komanso samalani ndi mmene mukunenera za asodzi. M'kalasi mukhoza kukhala mwana amene bambo ake amadyetsa banja ndi ukonde. Asatuluke m'kalasi akuganiza kuti bambo ake ndi chigawenga.

Wokonda Nyanja
Ndiye tingokhala chete?

Ticha Wopuma
Palibe wanena zimenezo, mwana wanga. Mkwiyo wanu ndaumva, koma mwana wa zaka 8 mukamusenzetsa mkwiyo wopanda chochita nawo, amangolira kapena kutseka makutu. Nkhaniyi ipite ku masamu. Kwa aakulupo, lembani 100,000,000 pa bolodi, awerenge maziro. Agawe ndi 365, apeza pafupifupi 274,000 pa tsiku. Mukapitiriza mufika pa ashaki atatu pa sekondi iliyonse. Aombe m'manja katatu pa sekondi kwa theka la mphindi, aone mmene manja akutopera. Muwauzenso kuti nambalayi ndi yongoyerekezera, palibe anawerenga mmodzimmodzi, ndipo muwafunse kuti n'chifukwa chiyani kuwerenga nsomba m'nyanja kuli kovuta. Limenelonso ndi phunziro.

Kenako funso lenileni: n'chifukwa chiyani ashaki sangabwezeretse msanga chiwerengero chawo? Nsomba zambiri zimaikira mazira masauzande kapena mamiliyoni. Shaki amachedwa kukula ndipo amabereka ana ochepa. Shaki wotchedwa spiny dogfish amakhala ndi pakati pafupifupi zaka 2. Mwana akamva zimenezi amafika yekha pa mfundo imene inu mukufuna kumuuza ndi chithunzi.

Wa Sayansi
Kuwonjezera pa agogo, pali funso limene mwana wochenjera adzafunsa: akatha ndiye chiyani, si bwino kodi? Chitsanzo chabwino chili ku Shark Bay, kumadzulo kwa Australia. Kumeneko kuli udzu wambiri wa pansi pa nyanja, umene akamba a m'nyanja ndi ma dugong, nyama zazikulu zoyamwitsa za m'nyanja, amadya. Ma tiger shark akakhala pafupi, nyamazi zimachita mantha, sizikhazikika malo amodzi n'kudya udzu wonse mpaka mizu. Udzuwo ndi mobisalamo tiana ta nsomba. Ndiye shaki amateteza udzu ngakhale iye sadya udzu, ndipo nthawi zambiri sachita kupha chilichonse, kungopezekapo kwakwana.

Masewera ake ndi osavuta. Mwazani timapepala tobiriwira pabwalo. Ana ambiri akhale akamba, azitola. Ulendo woyamba popanda shaki, muwerenge totsala. Ulendo wachiwiri ana awiri akhale ashaki oyendayenda, kamba akayandikiridwa athawire kumalo otetezeka. Muwerengenso totsala pa nthawi yofanana.

Ndipo nkhani yabwino iliponso. Dziko la Palau, la zilumba za m'nyanja ya Pacific, linaletsa usodzi wa malonda wa shaki m'madzi ake onse mu 2009, ndipo mayiko ena anatsatira.

Wokonda Nyanja
Chabwino, za zithunzi ndagonja. Koma musawasandutsenso tiziweto tomwetulira. Mabuku ena a ana amajambula shaki ngati mnzako wosewera naye. Ndi nyama yolusa, iyenera kupatsidwa ulemu ndi mtunda.

Mphunzitsi Watsopano
Apo ndikugwirizana nanu. Funso lina: mnyamata wina amangonena za megalodon, akuti akadalipo pansi pa nyanja ndipo ankamenyana ndi ma dinosaur. Ndimutani?

Wa Sayansi
Kkkk ameneyo amapezeka m'kalasi iliyonse. Megalodon, shaki wamkulu kwambiri wakalekale, analikodi, mano ake ena amafika masentimita pafupifupi 18. Dulani pepala la kukula kumeneko aliyerekeze ndi dzanja lake. Koma anatha zaka pafupifupi 3.6 miliyoni zapitazo, ndipo sanakumanepo ndi ma dinosaur, amene anatha zaka 66 miliyoni zapitazo iye asanakhaleko n'komwe.

Chingwe cha agogo chija chigwirenso ntchito. Yezani mamita 4, mita iliyonse ikhale zaka 100 miliyoni. Poyambira ndi pamene ashaki oyambirira analipo kale, zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, mitengo isanamere padziko. Kumapeto ndi lero. Ma dinosaur amayamba pa mamita 2.3 kuchokera kumapeto, n'kutha patatsala masentimita 66. Megalodon amatha patatsala masentimita osakwana 4. Anthu ngati ife timangotenga mamilimita 3 omalizira. Mnyamatayo mumupatse ntchito yomangirira tizingwe ta zizindikirozo. Akaona yekha mpata wa pakati pa dinosaur ndi megalodon, simudzafunikanso kukangana naye.

Zoti akadalipo, mufunseni kuti chinyama chachikulu choncho, chimene chimagwetsa mano moyo wake wonse, bwanji palibe anatolapo dzino lake latsopano?

Bambo wa Awiri
Ine ndadabwa ndi ya mitengoyo. Ndikaifunsa kwa ana anga madzulo ano, tione ngati aidziwa.

Madamu a Kalasi Yachiwiri
Musaiwale atsikana. Nthawi zambiri phunziro la shaki anyamata amalilanda, atsikana n'kungokhala chete. Ine ndimawauza za Eugenie Clark, mayi wa ku America amene anabadwa mu 1922 n'kumwalira mu 2015. Anayamba kukonda nsomba ali mwana wa zaka 9, akupita kukaziona kumalo osungirako zamoyo za m'madzi ku New York. Atakula anayambitsa malo ofufuzira ku Florida mu 1955, ndipo kumeneko anaphunzitsa ma lemon shark kugunda chikwangwani ndi mphuno kuti alandire chakudya. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankati shaki ndi chitsiru chongodziwa kuluma. Iye anaonetsa kuti amaphunzira ndipo amakumbukira. Anapitiriza kulowa pansi pa nyanja mpaka ali ndi zaka zoposa 90. Mtsikana wanu wamantha uja amve kuti mayi ameneyu anayamba ali msinkhu wake womwewo, ndipo anayamba ndi kungoyang'ana.

Ticha Wopuma
Eya, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo pojambula paja, musawapatse chithunzi chongopaka utoto. Ikani chithunzi chenicheni patsogolo, ajambule zimene akuona. Awerenge timipata topumira. Aone kuti pamsana m'pakuda, kumimba n'koyera, muwafunse chifukwa chake. Wina adzazindikira kuti ukamuyang'ana uli pamwamba amafanana ndi mdima wa pansi, ukamuyang'ana uli pansi amafanana ndi kuwala kwa kumwamba. Pafupi pake ikani chithunzi cha dolofini. Mchira wa shaki ndi woimirira ndipo umapita uku ndi uku, wa dolofini ndi wogona ndipo umapita m'mwamba ndi pansi. Shaki ndi nsomba, dolofini amapuma mpweya ndipo amayamwitsa. Aimirire ayeseze kusambira kwa mitundu iwiriyo. Kalasi idzasokonekera kwa mphindi zingapo, zilekeni.

Woyang'anira Gulu
Chikumbutso kwa nonse: mukamatumiza zithunzi za ntchito za ana pano, nkhope ndi mayina zisaoneke. Ndiponso kanema aliyense muyambe mwamuonera nokha mpaka kumapeto musanamuike pamaso pa kalasi. Ambiri a pa intaneti amayamba bwino, pakati n'kusintha.

Mayi wa Mapasa
Tsitsaninso mawu a kanemayo, madamu. Ndinazindikira kuti chimene chinaopsa mwana wanga kwambiri ndi nyimbo ya kumbuyo ija. Kanema yemweyo wopanda mawu anangoti ndi nsomba yaikulu ikusambira. Pa za mano ndamva mfundo za agogo, ngakhale mtima wa kholo sunavomere kwenikweni. Chimene ndingapemphe n'choti mutumize kakalata kwa makolo sabata imeneyo, tidziwe chimene chikubwera.

Mphunzitsi Watsopano
Kakalatako nditumiza amayi. Ndayala chonchi: tsiku loyamba mano ndi mafunso awo onse, ndiwalembe pa tchati kuti tizichonga tikayankha. Lachiwiri chingwe panja. Lachitatu khutu, sandipepa, mafuta ndi maginito m'magulu. Lachinayi masewera a udzu ndi za chitetezo m'madzi. Koma pa tchatipo pali kale mafunso awiri amene sindingathe kuyankha: shaki amakhala zaka zingati, ndipo amaikira mazira kapena amabereka?

Wa Sayansi
Zaka zimasiyana ndi mtundu, ambiri 20 mpaka 30. Koma Greenland shark, wa m'madzi ozizira kwambiri kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, ndi nkhani ina. Mu 2016 ofufuza a ku University of Copenhagen anayeza maso a ashaki amenewa ndipo anapeza kuti wamkulu kwambiri anali ndi zaka zosachepera 272, mwinanso pafupifupi 400. Pa nyama zonse za msana, palibe yodziwika yokhalitsa kuposa ameneyu. Amakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka ndipo amayamba kubereka ali ndi zaka pafupifupi 150. Ana awerengere kuti ndi agogo a agogo angati amenewo.

Za kubereka, zonse ziwiri zilipo. Ambiri amabereka ana amoyo, amene amayamba kusambira ndi kudzifunira chakudya tsiku lomwelo, mayi sawalera. Ena, monga ma catshark, amaikira mazira okutidwa ndi kachikwama kolimba, ka makona anayi, kokhala ndi tizingwe tokolera ku zomera za m'nyanja kuti madzi asakakokolole. La Port Jackson shark ndi lopotana ngati sikuluwu, ndipo limapanikizika m'ming'alu ya miyala.

Pali ina ya sand tiger shark, yoti mwana woyamba kukula m'mimba amadya abale ake asanabadwe. Amayi a mapasa asandimve.

Mayi wa Mapasa
Ndakumvani kale achimwene, ndipo imeneyo isafike kwa mapasa anga, amalimbirana kale chilichonse kkkk.

Madamu a Kalasi Yachiwiri
Kachikwama ka dzirako n'kosavuta kupanga. Pindani pepala lopyapyala lofiirira, mumate m'mbali, m'makona mumangemo ulusi. Mkati muikemo kashaki kodula papepala lakuda, komatidwa ku kabwalo kachikasu koimira chakudya chake. Akakaloza ku windo kapena ku tochi, kamwanako kamaonekera. Gwiritsani pepala lopyapyala ndithu, la katoni kuwala sikudutsa.